Mlongo wanga watuluka ku Chainama: kodi timubwezere sowo wake?

Funso

Ndimakhala ku Mtendere, mu Lusaka. Mlongo wanga wa zaka 27, kalipentala wa ku Kalingalinga, anadwala chaka chatha. Anasiya kugona, ankamva mawu a anthu amene ife sitinkawaona, ndipo tsiku lina anaswa zenera la eni nyumba. Anagonekedwa ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, milungu 6. Tsopano patha miyezi 4 ali kwa ine, akumwa mankhwala. Amalume anatenga NRC yake (chiphaso cha unzika), foni ndi bokosi la zipangizo, akuti munthu wotere sagwira sowo. Ndikapita kuntchito timamukhomera m'nyumba. Pano amalume akufuna kumutumiza kumudzi ku Katete. Iye akukana, akuti akufuna kubwerera kuntchito, koma amangogona, manja amanjenjemera, malovu amatuluka. Kodi munthu wotere amachira? Nanga tiyenera kumvera zonena zake, poti mutu wake unasokonekerapo?

Yankho

Amayi, ndisanayankhe mafunso anu awiriwo, pali chinthu chimodzi chimene sichingadikire tsiku la kuchipatala: loko wa pachitseko. Mawa m'mawa popita kuntchito musakhome. Taganizirani za Mtendere malaiti atapita, mbaula ya aneba ili ndi makala amoto pakhonde, kandulo wagwira katani, mazenera onse ali ndi zitsulo zotchingira akuba, kiyi ili m'chikwama chanu m'tauni. Munthuyo atulukira pati? Palinso vuto lina losaoneka ndi maso. Munthu amene wakhala miyezi 4 akumva loko akulira kunja m'mawa uliwonse amaphunzirapo chinthu chimodzi basi, chakuti abale ake amamuopa. Ngati pali chimene chikukuopsani panopa, monga kuti alongo anu akulankhula zodzipha kapena akuopseza munthu, malo awo ndi kuchipatala lero lomwe, osati kuseri kwa loko. Ngati palibe, chitseko chitseguke.

Mwina mwaona kuti ndikuti "alongo anu", ngakhale ndi aang'ono kwa inu. Ndikuchitira dala. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi odwala matenda a maganizo, ndaona kuti ulemu ndiwo umayamba kuchoka, NRC isanachoke. Bambo amene dzulo anthu ankati "a kalipentala, mpando wathu uja wafika pati?" lero mwana wa giredi 3 akuwaitana kuti "iwe". Mvetserani mmene ana apakhomo panu akuwaitanira, ndipo mukonze zimenezo.

Kodi amachira? Inde, anthu ambiri amachira. Zimene mwafotokozazi, kumva mawu, kusagona, kukhulupirira zinthu zimene ena sakuziona, madokotala amazitcha psychosis. Si dzina la matenda amodzi. Zingabwere ndi schizophrenia, ndi bipolar, ndi chamba kapena mowa, ngakhalenso ndi matenda a m'thupi amene afika ku ubongo. Ena zimawagwira kamodzi osabweranso moyo wawo wonse. Ena zimabwera n'kupita, pakati pake akugwira ntchito ndi kulera ana. Alipo ena amene mawuwo sawasiya kwenikweni, koma amaphunzira kukhala nawo osawamvera. Sindingakuuzeni kuti alongo anu ali m'gulu liti osawaona, ndipo ngakhale amene akuwaona sangalonjeze. Koma funsani kuchipatala dzina la matenda limene analemba m'faelo, alongo anu ali pomwepo, chifukwa iwo ndiwo oyamba kuyenera kulidziwa.

Vuto lili pa mawu akuti "kuchira". Ndiulule kuti pamene ndinkayamba ntchito, ife tinkati munthu wachira akasiya phokoso. Tinkati "wazizira". Akudya, akusamba, sakulimbana ndi munthu, basi abale abwere adzamutenge. Zinanditengera nthawi kuti ndione kuti ambiri mwa "ozizira" aja tinkawatumiza kukakhala pampando kuseri kwa nyumba zaka khumi, osagwira ntchito, osakwatira, osafunsidwa maganizo ngakhale pa maliro a bambo awo. Amenewo sanachire, anangokhala chete. Mukafunsa odwala eni ake kuti kuchira n'kutani, sayamba ndi mawu a m'mutu. Amati ndikufuna kubwerera pa ntchito yanga, ndikufuna ndalama yangayanga m'thumba, ndikufuna kuimbanso m'kwaya, ndikufuna kuti ndikalankhula anthu asamayang'anane. Alongo anu anena kale zimene akufuna, ndipo sananene zamisala ayi. Kalipentala wofuna kubwerera ku matabwa ndi munthu amene akuganiza bwino.

Tsopano za manja onjenjemera, malovu ndi tulo. Mabanja ambiri akaona zimenezi amati matenda akupitirira, n'kuwonjezera loko. Kawirikawiri si matendawo, ndi mankhwala. Haloperidol, chlorpromazine imene ambiri amaidziwa kuti Largactil, komanso jekeseni wa fluphenazine amene amabayidwa pakapita milungu ingapo, amatha kuumitsa thupi. Munthu amayenda ngati wanyamula ndowa yodzaza pamutu, mikono siyigwedezeka, nkhope siyiseka, zala zimanjenjemera, malovu amadontha. Chlorpromazine imagonetsa kwambiri. Risperidone ndi olanzapine zimaumitsa thupi mocheperako, koma zimanenepetsa, makamaka olanzapine, ndipo shuga amafunika kumapimidwa. Zonsezi zili ndi pokonzera. Dokotala angachepetse mlingo, angasunthire mapiritsi ambiri usiku, angasinthe mtundu, kapena angawonjezere trihexyphenidyl, imene m'makomboni imatchuka ndi dzina lakuti Artane. Ameneyu musagule pamsewu, ndipo asungeni pabwino, chifukwa anyamata ena amawafuna kuti aledzere nawo.

Chimene sindikufuna n'chakuti muwerenge zimenezi n'kusiya mankhwala nokha. Munthu amene wadwala koyamba amalangizidwa kupitiriza mankhwala kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo zizindikiro zitatha, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa. Kusiya mwadzidzidzi ndiko kumabweza anthu ambiri m'wodi. Koma dziwaninso kuti anthu sasiya mankhwala chifukwa cha mwano. Kalipentala amene sangathe kugwira pensulo kuti alembe mzere pa thabwa adzataya mapiritsi m'chimbudzi tsiku lina, ndipo ine sindingamudabwe. N'chifukwa chake nkhani ya manjayi ndi yofulumira. Tulo nato tiyang'anidwe bwino. Mwina ndi mankhwala, mwina ndi kukhumudwa kwakukulu kumene kumabwera munthu akazindikira zimene zinamuchitikira, mwinanso ndi kungosowa chodzukira. Inu mutakhomeredwa m'chipinda opanda foni, mukanachita chiyani china kusiya kugona?

Funso lanu lachiwiri likukhudza malamulo, ndiye ndikupatseni mbiri pang'ono. Kwa zaka 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la 1949, lotchedwa Mental Disorders Act, limene linkatcha anthu mayina ngati "idiot" ndi "imbecile". Chipatala cha Chainama chinatsegulidwa mu 1962 lamulo limenelo likugwira ntchito, ndipo maganizo ake anali akuti munthu wotere ndi wosungidwa, osati wofunsidwa. Zinthu zinayamba kusintha. Mu 2010 Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limawerengeranso anthu amene ali ndi matenda a maganizo okhalitsa. Mu 2012 kunabwera lamulo la anthu olumala, Persons with Disabilities Act. Mu 2017 anthu amene anadwalapo okha matendawa anakasumira boma ku High Court, ndipo khoti linagamula kuti mayina onyoza aja sayenera kukhala m'lamulo. Kenako mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Mental Health Act, imene inafafaniza lamulo la 1949 lija.

Sindikunena kuti lamulo latsopanoli ndi langwiro. Limalolabe kuti munthu agonekedwe mosafuna zinthu zikafika povuta, ndiponso limanena kuti munthu amene matenda amulanda nzeru zosankhira zinthu angaikiridwe womuthandiza. Omenyera ufulu wa odwala akhala akudandaula kuti mbali imeneyi imatsegula khomo lalikulu kwambiri. Koma ngakhale pamenepo, lamulo limayambira pakuti munthu wodwala maganizo ali ndi ufulu wosankha ngati munthu wina aliyense. Kugonekedwa kamodzi ku Chainama sikuchotsa ufulu umenewo. Ndipo woweruza kuti munthu sangathe kudzisankhira si malume, si mlongo, si abusa. NRC ndi ya mwini wake. Popanda iyo alongo anu sangalembetse simu khadi, sangatenge ndalama kubanki, sangadzidziwikitse kulikonse. Foni ndi yawo, ndalama zili mu Airtel Money kapena MoMo ndi zawo, bokosi la zipangizo ndi lawo, ndipo aliyense woligulitsa iwo osavomera wagulitsa katundu wa mwini.

Komabe musapite kwa amalume mutanyamula lamulo m'manja ngati chibonga. Kwathu kum'mawa malume ndiye mwini mbumba, ndipo ndikukhulupirira kuti zenera lija analipira ndi iwo, manyazi pamaso pa eni nyumba anawasenza ndi iwo. Akuchita zimenezi chifukwa cha mantha, ndipo munthu wamantha sagonja ndi mtsutso. Apempheni kuti akuperekezeni tsiku la kuchipatala, akamve okha kuchokera kwa dokotala kapena nesi. Amalume ambiri amene ndakhala nawo pansi amafewa akangomva kuti ntchito ndi mbali ya mankhwala. Mungawakumbutsenso mwaulemu mwambi umene iwo akuudziwa kuposa inu, wakuti wamisala anaona nkhondo. Makolo ankadziwa kuti munthu amene mudzi wonse ukumuseka angakhale ndi mawu oona.

Za ku Katete. Kumudzi si koipa. Ndaona anthu amene anapeza bwino kumunda, kutali ndi phokoso ndi anzawo osuta chamba, ndipo chipatala cha St Francis chilipo. Funso ndi lakuti akupita kukachita chiyani, ndipo wasankha ndani. Ngati akupita kuti aneba a ku Mtendere asiye kuloza chala, kumeneko n'kubisa munthu. Makasitomala awo ali ku Kalingalinga, amene amadziwa faelo yawo ali kuno ku Lusaka, ndipo iwo akana. Nthawi zambiri zimatha motere: mapiritsi a mwezi umodzi atha, ndalama ya basi palibe, agogo okalamba alephera kuwagwira, ndipo pofika nthawi yokolola munthu wamangidwa pamtengo. Akadzafuna okha kupita, adzapite ndi kalata ya kuchipatala, akudziwa kumene azikatenga mankhwala.

Nanga sowo? Ndikumva mantha ake, koma tiyeni tinene zoona. Anthu ambiri odwala maganizo sapweteka munthu, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Ngozi imakula pamene munthu sakulandira chithandizo, ndiponso pamene pali mowa kapena chamba. Alongo anu anaswa zenera, sanamenye munthu. Kodi munawafunsapo kuti tsiku lija ankaona chiyani? Anthu ambiri amandiuza kuti ankathawa, osati kuukira. Komanso m'nyumba mwanu momwe mukuwakhomeramo muli mpeni wodulira ndiwo. Chimene chingandidetse nkhawa ine ndi makina odulira matabwa a magetsi pamene manja akunjenjemera ndiponso tulo tili m'maso. Amenewo adikire mpaka mankhwala akonzedwe.

Ndiye yambani pang'ono, mogwirizana ndi iwo. Bokosi libwere kunyumba. Sabata yoyamba akonze mpando wogwedera umene uli pakhomo panu, nyumba iliyonse ili nawo umodzi. Muwayang'ane pamene akutsegula bokosilo. Ndinaonapo bambo wina atabwezeredwa zipangizo zake, sanayambe ndi kukhoma kanthu. Anatulutsa chimodzichimodzi n'kuyala pansi, hamala, tepi, sowo, n'kuyamba kupukuta dzimbiri ndi kansalu konyowa ndi oilo, osalankhula, pafupifupi ola lathunthu. Mkazi wawo anandiuza kuti usiku umenewo ndi pamene anayamba kufunsa mtengo wa matabwa. Pambuyo pake alongo anu angapite kwa anzawo aja a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, m'mawa mokha, masiku awiri kapena atatu pa sabata, kukachita za sandipepa, vanishi ndi kulumikiza. Pakhale mnzawo mmodzi amene iwo amukhulupirira ndipo amuuza okha za matendawo. Ndalama imene apeza ilowe m'thumba mwawo, ndipo agule nawo ufa kapena makala apakhomo ngati munthu wamkulu aliyense. Tsiku lina adzalephera kudzuka. Limenelo si tsiku lolanda bokosi.

Tsopano chinthu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, ndipo mabanja ochepa okha ndi amene amachichita. Matendawa angabwerenso, ndipo nthawi yokonzekera ndi ino pamene mutu uli bwino. Gulani kope la ana asukulu. Khalani pansi inu, alongo anu ndi amalume, ndipo cholembera chikhale m'manja mwa alongo anu. Alembe mmene zinayambira ulendo watha, chifukwa munthu aliyense ali ndi zizindikiro zake. Wina amasiya kugona masiku awiri, wina amayamba kukayikira chakudya, wina amatsegula wailesi mokweza kuti asamve mawu, wina amayamba kugawa ndalama. Alembe kuti zikayamba akufuna auzidwe ndi ndani, aperekezedwe ndi ndani, mankhwala amene anawathandiza ndi amene anawaumitsa thupi. Alembenso za ndalama ndi zipangizo: ndani asunge pa nthawi yodwalayo, ndipo abweze liti. Mukatero, tsiku lovuta likadzafika simudzakhala mukuwalanda kanthu, mudzakhala mukuchita zimene anakutumani okha.

Ndinaphunzira zimenezi kwa mayi wina wogulitsa tomato ku msika wa Soweto. Iye akayamba kudwala ankaoda mabokosi ambiri kuposa amene angagulitse, tomato n'kuwolera pa tebulo. Amayi anzake a m'chilimba, gulu losonkherana ndalama, anafuna kumuchotsa. Iye mwini ndiye anabweretsa nzeru: anati mukadzandiona ndaoda mabokosi opitirira atatu, kapena ndafika pamsika kusanache ndikuimba, muimbire mwana wanga wamkulu, ndipo ndalama yanga ya chilimba mwezi umenewo mupatse iyeyo asunge. Anadwalanso kawiri ine ndikumuona. Kawiri konseko anafika kuchipatala msanga, akuyenda yekha, ndipo tebulo lake analipeza.

Mwina muli ndi funso la mapemphero, poti mabanja ambiri ali nalo. Pempherani. Mpingo umene umalandira munthu n'kumubwezera pampando wake wa m'kwaya umachita ntchito imene ine sindingathe. Koma aliyense amene anganene kuti tayani mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kapena womanga munthu ndi unyolo, womumenya kuti chiwanda chituluke, womusalitsa kudya masiku ambiri, ameneyo mutalikirane naye, kaya wavala kolala kaya wanyamula nsupa. Kumanga ndi kumenya munthu ndi mlandu, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza anthu ozunzidwa, ya Victim Support Unit.

Za aneba sindikunamizani. Mu Lusaka muno mawu akuti "wa ku Chainama" ndi chitonzo, makondakitala amatukwanirana nawo pa siteshoni, ndipo alongo anu adzamva wina akuti "wofunta uja wabwera". Simungatseke pakamwa pa komboni yonse. Chimene chimatontholetsa anthu ndi kuona munthu akudutsa m'mawa ndi tepi m'thumba, madzulo akubwera ndi utuchi m'tsitsi. Koma amene ayenera kusankha kuti auze ndani za matendawa ndi iwo. Musamafotokozere mlendo aliyense mbiri yawo iwo atakhala pomwepo ngati kabati.

Simuli nokha pa nkhaniyi. Kuli bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, limene linayambitsidwa ndi anthu amene anadutsamo okha, ndipo kucheza ndi munthu amene anagonapo m'wodi koma lero akugwira ntchito kumalimbitsa mtima kuposa mawu anga. Zambia Agency for Persons with Disabilities imalembetsa anthu olumala, ngati iwo angafune kulembetsa. Nkhani ya katundu ikakanika m'banja, kuli Legal Aid Board, yothandiza pa milandu, ndi Human Rights Commission, yoona za ufulu wa anthu, ngakhale ndikhulupirira kuti simufika kumeneko. Inunso mupume. Gawanani masiku operekeza kuchipatala ndi abale ena, chifukwa mlongo wotopa ndi amene amagula loko.

Musadikire deti imene analemba pa khadi ngati ili kutali, pitani sabata ino. Tengani mapaketi onse a mankhwala, ngakhale opanda kanthu, ndi kope lija. Mukalowa m'chipinda, alongo anu akhale pampando woyandikana ndi dokotala, inu ndi amalume kumbuyo. Dokotala akafunsa inu kuti "akugona bwanji?", yankhani kuti "afunseni, ali pompa". Ndipo alongo anu atambasule manja awo patebulo, anene kuti ndi kalipentala, ndipo akufuna mlingo wa mankhwala umene ungawalole kulemba mzere wowongoka pa thabwa.